Ndowa ya Makoko

Zaka zonse zimene ndinakhala pa banja ndinkadzitama kuti khitchini yanga sinunkha. Ndikalowa m'nyumba ya mnzanga n'kumva kafungo ka nsomba ya dzana, ndinkabwerako ndi nkhani. Amuna anga atamwalira m'pamene ndinadziwa kuti ukhondo umenewo sunali wanga ndekha. M'mawa uliwonse akabwera ku swala ku mzikiti, iwo ankanyamula ndowa ya zinyalala za kukhitchini n'kukaikhuthula ku dzala, kutsidya kwa kamsewu kathu ku Chibanja. Akatero ankaitsukuluza pa mpopi, n'kuivundikira pa mwala, kenako n'kumapita ku shopu yawo ya nsalu. Sanadandaulepo za ntchitoyo, ndipo ine sindinawathokozepo.

Anamwalira mu Ogasiti, kukadali kachisanu. Ife ndife Asilamu a ku Machinga, tinabwera kuno ndi malonda, ndipo kwathu mkazi wamasiye amakhala pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo popanda chifukwa chachikulu. Masiku makumi anayi oyamba nyumba inali yodzaza, anthu kugona mpaka m'khonde. Sadaka itatha abale anakwera basi, mwana wanga wamkazi anabwerera ku banja lake ku Blantyre, wamwamuna ku Joni. Ndinatsala ndekha pamene dzuwa la Okutobala limayamba.

Anthu akummwera amaganiza kuti ku Mzuzu kumangozizira chaka chonse. Abwere adzakhale m'nyumba ya malata yopanda siling'i mwezi umenewo, tidzakambirane bwino. Pofika masana khitchini inkatentha moti tomato wa m'mawa ankafewa ndikumuona. Magetsi ankazima nthawi imene afuna, firiji n'kumangotuluka madzi. Mkazi wa mlamu wanga ankabwera Lachisanu lililonse ndi nsomba ya batala, mpiru, mbatatesi ndi mkoko wa nthochi, n'kundifunsa ngati ndikudya, n'kuthamangira ku shopu. Munthu wabwino, koma sankakhala n'komwe pansi.

Dzanja langa linali lisanaphunzire kuphikira munthu mmodzi. Ndinkati ndayeza pang'ono, koma chakudya chinkatsalabe, ndipo zotsalazo ndi makoko ndi matumbo a nsomba zinalibe wozinyamula. Ena ankati kupita ku dzala si kulakwa, popeza m'pafupi. Mwina ankanena zoona, koma ine ndinkaopa maso a anthu, kuti ati mayi uja wayamba kale kuyendayenda. Ndiye ndinapeza nzeru zanga. Ndinkathira zonse m'majumbo, n'kumanga zolimba, n'kuunjika kuseri kwa chitseko kudikira Lachisanu. Ndinkaganiza kuti fungo ndalimangira momwemo.

Pofika tsiku lachitatu majumbo anali atafufuma. Lina linaboola pansi, madzi akuda n'kuyenderera pa simenti, ndipo m'mawa mwake ndinapeza mphutsi zikukwawa kulowera kumene ndimasunga ufa. Ntchentche zobiriwira zija zinadzaza pa zenera. M'malo mochotsa, ndinayatsa lubani. Fungo la lubani litasakanikirana ndi la matumbo a batala owola, ndinakhala pansi pakhomo la khitchini n'kulira, osati kulirira malemu, koma manyazi ndi mkwiyo.

Tsiku limenelo ndi limene anagogoda mayi wa nkhumba. Ndinkawadziwa. Anali mayi wachitumbuka wa ku Mzilawaingwe, wamkulu kuposa ine, amene ankayenda m'makomo kutolera zotsala za m'khitchini zokadyetsa nkhumba zawo. Ankakankha njinga yakale, uku ndi uku atamangirira zigubu zachikasu zodula pamwamba. Kale atabwera kwathu ndinawabweza ndi mawu osakoma, kuti nyumba ino ilibe chochita ndi nyama zimenezo. Kuyambira pamenepo ankangodutsa.

"Odi kuno. Monire amama," anatero ali pa geti ya kuseri. "Pepani chomene ndi maliro. Koma fungo ili likumveka mpaka pa msewu."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mphuno zawo zazolowera khola, asandinamizire ine. Iwo anangoimika njinga n'kufunsa kumene ndaika zinthuzo. Ndinawalozera, chifukwa ndinalibenso kolowera. Anatulutsa majumbo onse pabwalo, n'kuwamasula ndi manja awo, akupukusa mutu. Anandiuza kuti zinthu zonyowa ukazimangira m'pulasitiki nthawi yotentha ndiye kuti waziphika kachiwiri. Matumbo a nsomba, anatero, ndizikumba kadzenje m'tsinde mwa mpanda n'kukwirira nthawi yomweyo. Pamene padontha ndizithira phulusa la pa mbaula ndisanakolope. Makoko ndi zakudya zotsala ndizitsanula madzi, ndiziika m'ndowa panja pamthunzi, ndizivindikira ndi thumba loti mpweya uzipita. Ndowayo azibwera kudzakhuthula okha.

Ndinadziwa bwino kumene makokowo akupita. Ine nkhumba sindidya, koma zoti nkhumba idye makoko anga, sindinadziwe ngati n'zololedwa. Sindinatume munthu kukafunsa kwa shehe, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: ndinkaopa kuti angandiletse.

Ankafika cha m'ma teni koloko. Ndinkayamba kumva tcheni cha njinga chikulira kukwera kamtunda kathu, kenako odi. Asanakhuthule ankapisa dzanja m'ndowamo kufufuza minga, mapulasitiki kapena kachidutswa ka sopo. Pochita zimenezo ankandisimbira za maondo awo, za nkhumba ina yaliuma imene inkathyola khola, za mpongozi wawo amene sankadziwa kuphika kondowole. Chichewa chawo chinali chokhotakhota, ndipo ndikawaseka ankati ndiyambe ine ndalankhula Chitumbuka, zaka zonsezi ndikumwa madzi a kuno. Sankakhalitsa. Koma tsiku lonse, kupatula popemphera, pakamwa panga pankatseguka nthawi yokhayo.

Fungo linatha. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunziranso kuyeza chakudya cha munthu mmodzi, ndipo apa m'pamene panabwera vuto. M'mawa wina anapeza m'ndowamo makoko atatu a nthochi ndi timasamba ta mpiru. Anaseka, n'kunena kuti tsopano ndakhala mayi wosamala, ndipo poti mtunda uja ukuwapweteka maondo, azingobwera kawiri pa sabata. Ndinavomera ndi pakamwa. Masiku awiri otsatirawo ndinakhala pa khonde la kuseri kumvetsera njinga iliyonse yodutsa, ngakhale ndinkadziwa kuti sabwera. Nyumba inali yoyera, yosanunkha, ndipo ndinasungulumwa kuposa tsiku limene abale anakwera basi.

Ndiye ndinayamba kupanga zinyalala dala. Mbatatesi ndinkasenda mokhuthala, theka n'kupita ndi khoko. Nthochi zabwinobwino ndinkati zapsa kwambiri. Kenako ndinafika pa mpunga. Ndinkaphika makapu atatu, n'kudya tisupuni tingapo, wotsalawo n'kukhuthulira m'ndowa, pamwamba n'kuyalapo makoko kuti uoneke ngati wa dzulo. Ine amene mayi anga ankanditoletsa njere iliyonse ya mpunga yogwa pa mkeka, ndinkadziwa kuti ndikuchimwa. Ndinkapempha chikhululuko pa swala ya masana, m'mawa mwake n'kubwerezanso. Atabwera n'kupeza ndowa yodzaza, anati ndiye azibwera tsiku lililonse isanayambenso kununkha, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Zinayenda choncho pafupifupi masabata awiri. Mkazi wa mlamu wanga anaona mmene thumba la mpunga likutsikira n'kukondwa kuti ndayamba kudya.

Tsiku lina ndinachedwa kuphika. Ndinamva tcheni cha njinga mpunga nditangouphula, ndipo ndinathamanga kukaukhuthula, n'kuponyapo makoko a mango. Mayi aja anapisa dzanja monga mwa masiku onse, n'kulisiya momwemo kanthawi. Kenako anandiyang'ana.

"Amama, mpunga uwu ukadali wotentha."

Ndinayamba kunena kuti unapserera, kuti unali ndi miyala, koma bodzalo silinagwire. Tonse tinkauona, woyera bwino, ukununkhira.

"Ndimafuna muzibwera," ndinatero.

Anapukuta dzanja pa chitenje, anatsamiritsa njinga ku mpanda, n'kupita pa mpopi. Anasamba ndi sopo mpaka m'zigongono, kawiri, ndipo ndinadziwa kuti akuchitira ine. Kenako anafunsa ngati m'poto mwatsala kanthu. Ndinawapempha kuti alowe m'nyumba, koma anakana, anati zovala zawo zachokera ku khola ndipo nyumba yanga ndi yopemphereramo. Tinakhala pa khonde la kuseri, mbale imodzi pakati, mpunga ndi nyemba za dzulo. Ndinadya mpaka kukhuta, koyamba chimwalirire amuna anga.

Ponyamuka anati: "Nkhumba zanga zanenepa chomene ndi chisoni chanu. Basi, lekani. Ndizigogoda ndikamadutsa, baketi ikhale ndi kanthu kapena ayi."

Anasunga mawu awo. Masiku ena ankangoima pa geti n'kufunsa mmene ndadzukira, ena ankamwa tiyi ali chiimire. Eda inatha mu Disembala, mvula itayamba, ndipo ndinayamba kupita ku shopu. Tinkaphonyana, ine kutuluka iwo asanafike. Kawiri ndinapeza ndowa itakhuthulidwa, yotsukidwa, yovundikiridwa pa mwala uja. Kenako sindinaipezenso choncho. Woyandikana naye nyumba anandiuza kuti anamva zoti matenda analowa m'makola a ku Mzilawaingwe, ndipo mayi aja anasiya kuyenda.

M'pamene ndinazindikira kuti dzina lawo sindilidziwa. Iwo ankati amama, ine ndinkati amama, ndipo zinkatikwanira. Lamlungu lina ndinapita ku Mzilawaingwe, nditafunda mpango wanga, n'kumafunsa khomo ndi khomo za mayi woweta nkhumba. Anthu ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ena kudabwa, ena kubisa kuseka. Anandilozera makomo anayi, onse a anthu ena. Wina anati mwina ndi amene anapita kukakhala kwa mwana wawo ku Rumphi, koma sanatsimikize. Ndinabwerera miyendo ili matope okhaokha.

Masiku ano ndimaphika kapu imodzi ndipo siitsala. Matumbo a nsomba ndimakwirira m'tsinde mwa mpanda, pamene pamera mapapaya awiri amene sindinadzale. Ndowa ndimanyamula ndekha ndikatha swala ya m'mawa, n'kuitsukuluza, n'kuivundikira pa mwala. Khitchini yanga sinunkha, ngakhale mu Okutobala, koma ndinasiya kudzitama nazo. Tsiku limene sindinapite ku shopu, ikamakwana teni koloko ndimapezeka kuti ndazimitsa wailesi.