Bokosi la besi ya a Muhiwa

Ntchito ya kwa Che Amidu sindinaifunefune ine, inandipeza nditakhala pakhonde la golosale ndikuyang'ana magalimoto odutsa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndikukhoma mabokosi a tiyi ku esiteti, mpaka pamene akuluakulu anaganiza zoti tiyi azipita kunja m'matumba a mapepala. Tonse a kushedi ya mabokosi anatiuza tsiku limodzi kuti tikapume. Kupuma kwake kuti, munthu wa ana atatu? Ndinabwerera kwathu kwa Nchilamwela ndi hamala, sowo ndi sikweya, mtima uli zii.

Che Amidu anali okonza mawailesi pamsika. Mawaya ankawadziwa ngati zala zawo, koma thabwa linkawakana. Masiku amenewo, za chipani chimodzi zitangotha, aliyense ankafuna phokoso: matchalitchi atsopano, mabala, ngakhale ogulitsa kaunjika. Atamva kuti pali kalipentala wongokhala, anandiitana kuti ndiziwakhomera mabokosi a masipika. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Sindinawauze kuti ukalipentala wanga wonse unali wa bokosi limodzi lokha, la tiyi.

Sabata yanga yachiwiri kunabwera a Muhiwa, mdala wamtali wowonda wa kwa Changata. Iwowa ankaimba besi yoimirira, chigitala chachikulu chopitirira phewa la munthu, chimene amachiimika pansi n'kumakoka nsambo zake zinayi ndi zala. Manijala wina wachizungu anawasiyira besiyo pochoka, atamuimbira kukalabu zaka zambirimbiri. Tsopano ankaimba m'bandi ya anyamata, ndipo mwini bandiyo, mphunzitsi wina wobwera, anali atagula kiyibodi. Anawauza mosabisa kuti besi yawo siikumveka. Loweruka kunali ukwati kumalayini a antchito a esiteti. Ikakamveka kumeneko, apita nawo ku Blantyre kukajambula kaseti. Ikakapanda kumveka, besi iziimbidwa pa kiyibodi, iwo akapume.

"Ndaimba zaka makumi atatu, bambo, koma sindinadzimvepo ndekha," anatero a Muhiwa. "Ndikufuna adzukulu adzaike kaseti n'kunena kuti awo ndi agogo."

Chimene anadzera chinali bokosi la sipika lokweza mawu a besiyo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti bokosilo likhale laling'ono ndi lopepuka, loti azimanga pakaliyala ya njinga, chifukwa msana wawo unali utatha.

Che Amidu anachita mbali yawo masiku awiri. Anatulutsa sipika ya mainchesi khumi ndi awiri, anasandutsa wailesi ya galimoto kukhala ampulifaya yoyendera batire, n'kuchotsa kachitsulo kozungulira mu telefoni yakufa, koti akakamate pakathabwa konyamula nsambo kuti kazitola kunjenjemera kwake. Miyezo ya bokosi anandijambulira pa katoni. Anati thabwa likhale lochindikala ngati chala chachikulu, ndilumikize ndi guluu ndi masikuluu, msomali ayi, ndipo mpweya usatulukire kwina kulikonse koma pabowo limodzi lakutsogolo. Lachitatu kunabwera uthenga wa maliro a mchimwene wawo ku Mangochi, ananyamuka nthawi yomweyo. Ndinatsala ndekha ndi katoni ija.

Ndinayamba bwinobwino. Ndinadula matabwa a bulugamu, ndinawapala, n'kuwasanjika pamodzi kuti ndimve kulemera kwake. Abale inu, unali mwala. Ndinaganiza za msana wa a Muhiwa ndi zitunda za kwa Changata, chifundo chinandigwira. Koma ndisaname, panalinso matama. Ndinati mumtima, Che Amidu akudziwa chiyani za mabokosi? Anga ankawoloka nyanja mpaka kwa azungu osasweka, ndiye kasipika aka kandivute?

Kunyumba ndinali ndi pulayiwudi wopyapyala wotsala ku esiteti. Ndinadula mbali zisanu ndi imodzi, ndinaika timitengo m'makona, ndinakhoma timisomali motalikirana zala ziwiri, kenaka n'kupinda timalata m'mphepete monse, monga momwe manja anga anazolowera. Bowo la sipika ndinalizunguliza ndi chiboolero, ndinalimaliza ndi kasowo, n'kulisalaza ndi sandipepa. Ndinapaka penti yakuda. Dzuwa lisanapendeke bokosi linali litatha, lokongola zedi. Ndinalumikiza wailesi, wowerenga nkhani anamveka ngati waima pakhomo. Besi yeniyeniyo inali kutali kwa eni ake, ndipo ndinachita ulesi kukayeserako. Lachisanu a Muhiwa ananyamula bokosilo ndi dzanja limodzi, anaseka, n'kundidalitsa ine ndi ana anga.

Kuukwati ndinapita nditavala jekete, kuti akamafunsa wapanga ndani ndikhale pafupi. Bandi inali pansi pa tenti, anthu adzaza bwalo lonse, bokosi langa lili patebulo pambali pa a Muhiwa. Iwo anali mu suti yawo ya kukalabu, yothetheka m'zigongono koma yosita bwino. Nyimbo yoyamba anayambira pa nsambo zing'onozing'ono, ndipo zinamveka ndithu. Mwini bandi anatembenuka n'kugwedeza mutu movomereza. Kenaka anakoka nsambo yaikulu ija.

Bokosi linalira ngati lata lomasuka padenga kukamawomba mphepo. Timalata tonse tinayamba kunthunthumira, mbali zikutupa n'kuphwa, bokosilo n'kumayenda lokha patebulo kulowera kumphepete. Ndinathamanga n'kulikumbatira ndi manja onse. Ndinamva mpweya ukundiwomba m'mikono kuchokera m'makona onse, ndipo ndinaona ndi maso angawa mitu ya misomali ikutuluka pang'onopang'ono. Amayi ovina anaima, ena anayamba kuseka, wina n'kufuula kuti wabweretsa njuchi paukwati ndani. Ndinatola mwala kuti ndibwezere misomali. Nditamenya kachitatu pulayiwudi anang'aluka, mbali yakumbuyo inatseguka.

Mwini bandi sanakalipe. Anangobwera, anazula waya pa batire, n'kukodola woimba kiyibodi. Anthu anayambanso kuvina.

A Muhiwa sanasiye. Anaimba nyimbo zonse mpaka mapeto, thukuta likutsika m'khosi, popanda wowamva. Ine ndekha, amene ndinali nditagwada pamapazi awo ndi bokosi long'aluka, ndinkawamva. Zala zimene zija zinkadziwa ntchito, ndipo kumva kukoma kwake kunandipweteka kuposa kuseka kwa anthu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Zitatha a Muhiwa anandigwira paphewa. "Musadandaule, bambo. Mwina besiyi yakalamba pamodzi ndi mwini wake."

Ndinangoti zikomo. Pakamwa panga panalephera kunena kuti cholakwa si besi, ndi ine. Ndinawayang'ana akukankha njinga, chigitala chili kumsana, ndipo ndinadziona kuti ndine munthu wachabechabe.

Che Amidu atabwerako anagogoda bokosilo ndi chala. "Achimwene, tiyi amangogona m'bokosi. Besi imakankha. Mwapanga ng'oma apa." Ndinadikira kuti andichotse, koma anangondilozera matabwa a bulugamu aja.

Ulendo uno ndinatsata katoni. Ndinapala m'mphepete mpaka matabwa akumana popanda kampata, ndinapaka guluu, ndinamanga masikuluu, n'kupingasa mtengo pakati kuti mbali zisagwedezeke. M'makona ndinamata guluu wosakaniza ndi utuchi, mkati ndinayala bulangete lakale. Ndinalikulunga ndi malegeni kuti ligwirane, n'kulisiya masiku atatu osalikhudza. Linatuluka laling'ono ndithu, koma lolemera ngati thumba la chimanga. Patatha sabata ziwiri chichitikire ukwati uja ndinalimanga panjinga pamodzi ndi batire, ndinakankha zitunda zonse mpaka kwa Changata.

A Muhiwa ndinawapeza akupalira nandolo kuseri kwa nyumba. Ndisanakhale pansi ndinaulula zonse, za pulayiwudi, za misomali, ndi zoti ndinayesera wailesi basi. Anamvetsera osandidula. Kenaka analowa m'nyumba, anatulutsa besi itachita kale fumbi, tinalumikiza mawaya pabwalo pomwepo. Atakoka nsambo yaikulu, mawu anadutsa m'nthaka n'kundifika m'mimba, oyera, opanda kanjenjemera kalikonse. Akazi awo anatuluka m'khitchini, ana a oyandikana nawo anathamangira. Anaimba nyimbo imodzi yathunthu atatsinzina.

Itatha anagwira nsambo kuti zikhale chete. Ndinawauza mwachangu kuti mawa lomwe tipite kwa mwini bandi akamve yekha. Anayankha kuti anyamata ananyamuka Lolemba, kaseti anajambula kale. Anayang'ana bokosilo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndikadapita," anatero chapansipansi.

Sanandinyoze, ndipo mwina akadandinyoza bwenzi zitandipepukira. Bandiyo siinawaitanenso. Kaseti inatuluka, inkalira m'maminibasi onse a msewu wa ku Limbe, ine n'kumakhala m'menemo ndikumvera besi ya kiyibodi.

Ndakhoma masipika ambiri kuchokera pamenepo, ndipo anthu amati ndine wochedwa komanso wamakani. Nzoona. Ndinaphunzira kuti zimene manja anazolowera si zimene ntchito iliyonse imafuna, ndiponso kuti chifundo chosafunsa chimapweteka yemwe ukumumverayo. Bokosi silituluka pakhomo panga mwini wake asanabwere ndi choimbira chake n'kukoka mawu otsikitsitsa amene chili nawo. Wachangu ndimamuuza apite kwina. A Muhiwa anamwalira patatha zaka ziwiri, ndipo palibe paliponse pamene adzukulu awo angakawamve.