Anjomba, makina aja sankamva

Anjomba, amalume anga, lero ndalipeza batani lija. Anzanga a ku ofesi pa msonkhano wa pa intaneti amadandaula kuti sakundimva, ndipo nditafufuza mu laputopu ndapeza kuti maikolofoni inali yotseka chigulireni, imangodikira mwini wake ailole kumva. Ndadina kamodzi basi. Pano ikumva chilichonse, ngakhale mbuzi za aneba.

Mukukumbuka tsiku lija kwa Mponda? Munavala mkanjo wa Lachisanu ndi kofia, n'kukhala pakhonde kuti ndikujambuleni kanema pa laputopu yomweyi mukutchula makolo a mbumba yathu, poti mayina awo munatsala nawo ndinu nokha. Munaloza makinawo n'kufunsa, "Iwe wa ku yunivesite, chikumva chimenechi?" Ine katswiri ndinati, "Chikumva kuposa inu, anjomba." Munaseka mpaka kutsokomola, kenako munayankhula masana onse. Kuyesa kaye ngati mawu akulowa sindinayese, paja munthu wa digiri sakayikira. Mutamwalira, pa sadaka yanu ndinasonkhanitsa abale kuti akumveninso. Munaoneka bwino zedi, milomo ikuyenda, zala zikuwerenga agogo amene sitidzawadziwanso, koma kuli zii. Amayi anangoti, "Kweza pang'ono, mwanangu," ine n'kunamizira sipika ya eni ake. Lero ndaionanso kanemayo mpaka kumapeto, ndipo pa milomo yanu ndikutha kuwerengapo funso lija lokha. Ayi anjomba, sichinkamva. Allah akukhululukireni, inunso mundikhululukire.