Njinga Yokana Kuima pa Maliro

Mkazi wanga ndinamupeza kuseri kwa mapiri, cha ku Kapondo. Nthawiyo ndinkaphunzitsa pafupi ndi boda, ndipo Loweruka ndinkapalasa njinga kukamuona. Kupalasa kwake kunkathera m'munsi mwa chitunda. Kuchokera apo kunali kukankha, pena kusenza kumene, pamiyala ndi m'zigwembe zokumbidwa ndi mvula.

Ndikafika shati ili nyowe, malume ake a mtsikanayo ankandilandira pakhonde n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, tiyambe kupatsana moni kapena tidikire mpweya wanu ufike kaye?" Mawu omaliza pa ukwati wathu anali awo, ndipo za kulandira ankhoswe anga ankangoti tiona. Ankati mkamwini wofika ali wefuwefu khasu adzaligwira bwanji.

Ndinakadandaula kwa mnzanga wina, makaniko wokonza malole pa boda. Anandionetsa sitata ndi batire zimene anam'siyira dalaivala wa ku Zambia. Sitata ndi kachipangizo kamene kamadzutsa injini ya lole. "Chinthu chodzutsa lole chingalephere iwe?" anatero.

Sitatayo tinaimangirira pansi pa chishalo, n'kuwotcherera chitsulo cha mano kuti izikoka tcheni. Batire tinaikhazika pakaliyala n'kuikulunga ndi malegeni. Inali yolemera moti tayala lakutsogolo linkangofuna kuona kumwamba, choncho kumahandulo tinapachikako kathumba ka mchenga. Swichi inali tizitsulo tiwiri tamkuwa todina ndi chala.

"Mvetsetsa," anatero mnzangayo. "Sitata sidziwa pang'onopang'ono. Imadziwa tulo ndi misala basi. Uzidina n'kusiya, kudina n'kusiya. Ukakakamira, tizitsuloti titentha."

Pamsika, anyamata ofunsa makhadi a chipani anaizungulira, wina n'kufunsa ngati nayonso ili ndi khadi lake. Ndinaseka pang'ono. Masiku amenewo kuseka kunkafuna muyezo.

Loweruka lotsatira ndinavala shati yoyera. Pachitunda ndinadina, njinga n'kudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Miyala inkathawa yokha. Amayi osenza nkhuni anataya mitolo. Ndinamva kukoma, ndipo kusiya kuja ndinakuiwala. Nditafika pamwamba ndinachotsa chala, koma njinga sinamve. Tizitsulo tija tinali titamatana. Ndinafinya mabuleki, anangonunkha.

Pamenepo ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, polowera m'mudzi. Kwathu kuno zikatero ndiye kuti pali maliro, ndipo wapanjinga aliyense amatsika n'kuyenda wapansi. Kutsogoloko anthu anali atakhala mbali zonse za msewu. Pakati pa azibambo ndinazindikira chipewa cha malume aja chili pabondo.

Ndikanadutsa pakati pawo ndi liwiro limenelo, ukwati ukanathera pomwepo. Kumanzere kunali munda wa mtedza. Ndinatseka maso n'kudziponya.

Ndinagwa pamizere chafufumimba. Njinga inagona chammbali masamba aja isanawafike, koma sinatonthole. Tayala linkazungulirabe, kumwaza dothi, sitata ikulira mokweza kuposa amayi a m'nyumba ya siwa. Nyimbo inaima. Anayamba kufika ndi adzukulu, okumba manda, anthu amene pamaliro pakamwa pawo sipatsekedwa.

"Tikumbe awiri?" anafunsa wina, atatsamira khasu.

"Uyu akupuma," anayankha mnzake. "Koma chinzakechi ndiye chikulira bwino, ndi chachibale?"

Malume anafika osathamanga. Anaiyang'ana njingayo, anawerama, n'kuzula waya pabatire. Kunangoti zii. Womwalirayo, ndinamva pambuyo pake, anali azakhali a malumewo.

Adzukulu anati ndilipe nkhuku chifukwa sindinatsike panjinga. Wina anatsutsa kuti ndatsika. "Kutsika n'kumeneko?" anatero woyamba uja. "Munthu amatsika ndi miyendo, osati ndi mphuno." Anakangana ine ndili chikhalire pamzere, ndikulavula dothi. Mtsikana uja ndinamuona patali ataphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Anthu ankayesa akulira agogo ake omwalirawo.

Malume anayenda kukafika pamasamba paja, n'kubwerera pamene panagona njinga, akuyang'ana pansi.

"Masamba sanawapondeko," anatero. "Aphunzitsi atsika. Katsikidwe ndi kawo."

Nkhuku ndinalipabe, ya mtedza umene ndinaswa. Kenaka anandipatsa khasu kuti ndikathandize kumanda, poti dothi ndinali nditalizolowera kale. Ndinakumba ndi shati yanga yoyera ija, adzukulu akundifunsa ngati khasulo alimangirire batire.

Titabwera kumanda, malume anandiitanira pambali.

"Ankhoswe anu abwere tikasesa," anatero. "Koma abwere wapansi."

Njinga ndinatsika nayo chitunda ndikukankha, ili yopepuka, pakuti batire inatsala. Malume anati aisunge kaye kuti isapwetekenso anthu. Inayendetsa wailesi yawo mpaka mwana wathu woyamba atayamba kukwawa, ndipo ikatha moto, wokaitchajitsa ku boda ndinali ine, pamsana.