Mayi Maloko ndi Zinsinsi za Odwala

Mwezi watha parishi yathu inaika m'manda mayi amene tonse tinkawatcha Mayi Maloko, ndipo pamaliro anthu anawayamikira mpaka kukhosi kuuma. Ena mwa amene analankhula zokomazo ndi omwe aja ankati akawaona akubwera, ankakhotera kwina ngati aiwala chinthu. Ndiye ndi bwino kuti moyo wawo ulembedwe momwe unalili, anthu asanauthire shuga wambiri.

Anali achiwiri kubadwa m'banja la telala wina wosauka koma wopemphera. Bambo awo ankasokera pa khonde la sitolo, ndipo iwo akaweruka kusukulu ankakhala pambali n'kumawalowetsera ulusi m'singano. Anthu akamayezedwa zovala pakamwa sipakhala chete: uyu za mimba imene sanauzebe mwamuna, uyu za chotupa chimene akufuna kuti chovala chibise. Mwanayo ankamva zonse. Bambo ake anamuuza kamodzi kokha kuti muyeso wa m'chiuno mwa kasitomala si nkhani yokacheza nayo kumpopi, ndipo iye anasunga. Achemwali ake aakulu anamvanso mawu omwewo, koma iwo nkhani inkati ikalowa kukhutu, inkatulukira pakamwa isanazizire. Komabe awiriwa ankakondana kwambiri, ndipo kulikonse ankayendera limodzi.

Atamaliza sukulu anaphunzira kutayipa kwa masisitere, kenako analembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono yoyeza magazi. Mwini wake anali dokotala, ndipo antchito onse ankangoti Adokotala. Mayiwo anakwatiwa ndi mphunzitsi wofatsa, koma Mulungu anamutenga msanga, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi amene anamulera okha. Misa ya m'mawa sankaiphonya, kaya kugwe mvula. Masiku amenewo zotsatira za odwala zinkakhala pa mapepala m'kabati yachitsulo, ndipo kiyi wake ankalendewera m'khosi mwawo pamodzi ndi mendulo. Mtima unali m'malo.

Mavuto anabwera ndi makompyuta. Mapepala onse atalowetsedwa mmenemo, mayiwo anaona msanga chimene anzawo sankaona: kabati ija inali ndi chitseko chimodzi, koma tsopano kompyuta iliyonse mu ofesimo inali chitseko, ndipo wakuba sankafunikanso kudutsa kwa mlonda. Ankatha kulowa ali kutsidya la nyanja, atavala masilipasi. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu anayamba kukaphunzira Loweruka lililonse za katetezedwe ka makompyuta, atakhala pakati pa achinyamata amene tsiku loyamba ankayesa kuti aperekeza mwana. Atamaliza maphunzirowo, Adokotala anawapatsa udindo woyang'anira zonsezo.

Apa m'pamene mtanda wawo unayambira, ndipo unali mtanda wa tizinthu ting'onoting'ono totopetsa. Ankati akauza anthu kuti aliyense akhale ndi pasiwedi yovuta kuiganizira, mawa lake ankaipeza italembedwa pa kapepala komatidwa pa kompyuta pomwepo. Kalaliki wa pa kauntala ankaika dzina la mkazi wake, akayambana n'kuika la timu ya mpira, moti aliyense wodziwa momwe banja lake likuyendera ankadziwanso pasiwedi yake. Namwino wina anabwera ndi fulashi yotola m'basi n'kuilowetsa m'kompyuta ya odwala, ati angoona ngati muli nyimbo za kwaya. Adokotala eni ake pasiwedi yawo inali chaka chawo chobadwa, ndipo atakakamizidwa kusintha, anangowonjezerapo chaka chimodzi. Mayiwo ankayenda desiki ndi desiki kumatula timapepala ndi kutseka makompyuta osiyidwa osatseka eni ake ali ku tiyi. Dzina loti Mayi Maloko linachokera pamenepo, ndipo silinali dzina lachikondi.

Ankakonda kunena kuti, "Munthu wabwera kuno akunjenjemera, watipatsa mkono kuti timubaye, ndiye ife tizikayanika dzina lake pa chingwe ngati zochapa?" Anthu ankagwedeza mutu movomereza, iwo akangotuluka n'kumatanso kapepala. Iwo eni ankaseka kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ankalapa tchimo limodzi lomwelo mwezi ndi mwezi, la kupsera mtima anzawo a kuntchito, mpaka abambo mfumu anafika pomangofunsa ngati mwezi uno ndi kalaliki uja kapena Adokotala.

Koma munga weniweni unawabayira kunyumba. Mwana wamkazi wa achemwali awo aja atapeza mwamuna, achemwaliwo anamva mphekesera yoti mnyamatayo anakayezetsa magazi pa kampani yomweyo. Anabwera Lamlungu masana n'kunena kuti nkhani yake ndi yaing'ono, mng'ono wawo angotsegula kompyuta aone zotsatira, palibe amene adzadziwe.

"Mwanayu ndi wakonso," anatero achemwaliwo. "Ukufuna akalowe m'moto iwe uli ndi kiyi m'manja?"

"Achemwali, awiriwo apite limodzi akayezetse, ine ndiwaperekeza. Koma kutsegula dzina la munthu iye asakudziwa, sindingathe."

Anakambirana mpaka tiyi kuzizira. Achemwaliwo anakumbutsa zonse zimene anawachitira kuyambira ali ana, anatchula ndi malemu mayi awo omwe. Pamapeto anatuluka atanena kuti munthu wokonda makina kuposa magazi ake si m'bale. Pa ukwatiwo Mayi Maloko anapatsidwa mpando wakumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo kuyambira pamenepo achemwali awo sanapondenso pakhomo pawo. Kutchalitchi ankakhala mbali ina. Zinawapweteka kwambiri Mayi Maloko, analira masiku ambiri, koma dzina la mnyamatayo sanalitsegule.

Patapita zaka zinayi, Lachiwiri lina m'mawa ntchito ili mkati, imelo inalowa kwa antchito onse. Inkanena kuti dalaivala wakale wa kampaniyo, amene anali atapuma ntchito, wamwalira, ndipo ofuna kudziwa dongosolo la maliro atsegule kalata imene inali pansi pake. Panali ndi chithunzi chake chomwe. Mbava za pa intaneti si zopusa, zimadziwa kuti uthenga wa maliro munthu saufunsa kawiri. Azimayi anali atayamba kale kulira. Mayi Maloko anaimirira pakati pa ofesi n'kunena kuti pasapezeke wokhudza kanthu mpaka iwo aimbe foni kunyumba kwa dalaivalayo. Namwino uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati m'chifuwamo muli mtima. Iwo anaimbabe. Foniyo anayankha ndi malemuyo, ali bwinobwino, akutsuka galimoto ya mwana wake.

Koma Adokotala, mu ofesi mwawo, anali atatsegula kale. Mayiwo atasuzumira anapeza kamuvi ka pa kompyuta kakuyenda kokha, eni ake ali manja m'thumba akudabwa. Sanapemphe chilolezo. Ndi mawondo awo opwetekawo anathamangira m'kachipinda ka kompyuta yaikulu, mmene munali zotsatira za odwala zikwi zambiri, n'kuzula nthambo zonse za intaneti, uku akuitana Yesu ndi Maria. Ntchito inaima masiku atatu. Katswiri amene anaitanidwa anapeza kuti mbavazo zinali zitamanga kale katundu, zinangotsala kutuluka naye. Palibe dzina ndi limodzi lomwe limene linatuluka.

Mukuganiza kuti anathokozedwa? Adokotala anasonkhanitsa antchito n'kunena kuti wina wake analakwitsa, ndipo anthu, posadziwa winayo, analoza amene ankasunga makiyi. Nkhani inafika panja itavala zovala zina: ati zinsinsi za odwala zabedwa, ati mayi uja anagona pa ntchito, ati mwina anachitira dala. Odwala obwera kudzakalipa ankatumizidwa kwa iwo. Dalaivala uja anabwera kudzafunsa amene anamupha, nayenso anamulozera kwa Mayi Maloko. Kuno ku parishi, tinene ndi manyazi, gulu loyendera odwala linawapempha kuti ayambe apuma kaye, poti anthu sangamasukenso akawaona.

Chiganizo chimodzi chikanawayeretsa, koma sanachinene. Mayiwo anawauza Adokotala zoona ali awiri, chitseko chotseka, mosawanyengerera, moti bamboyo tsiku lomwelo anasinthadi pasiwedi. Panja pokha sanatulutse kanthu. Mwana wa mayiwo, amene panthawiyi anali atakula, ankachita kuvina ndi mkwiyo, kuwafunsa kuti adzasenza mlandu wa eni mpaka liti. Iwo ankayankha kuti anthu akasiya kukhulupirira Adokotala kampani itsekedwa, antchito makumi awiri akakhala kunyumba, komanso cholakwa cha munthu amaulula ndi mwini wake. Zoti anatsegula ndi Adokotala tazimva pamaliro, iwo eni ataimirira n'kuulula misozi ili mbwembwembwe, zaka khumi zitadutsa, mwini nkhani ali m'bokosi. Tithokoze ndithu kuti anaulula, koma kuchedwa kwina kumatopetsa.

Atapuma ntchito sanapume kwenikweni. Misa ikatha ankakhala pa benchi la pakhonde la tchalitchi, okalamba anzawo atawazungulira ndi mafoni. Ankawathandiza kutseka mafoniwo, n'kuwakalipira ndithu akamva kuti wina wapereka nambala yake yachinsinsi kwa mlendo woimba foni chifukwa ankalankhula mwaulemu. Gulu loyendera odwala silinawaitanenso, ndiye ankangoyendera okha.

Chaka chino mtima wawo unayamba kufooka, ndipo atatuluka m'chipatala kachiwiri aliyense anadziwa kumene zikulowera. Analandira sakramenti la odwala ali ndi nzeru zawo zonse. Patapita masiku awiri, masana, achemwali awo aja anagogoda.

Anakhala m'mphepete mwa bedi akungopindapinda mpango. Kenako ananena, osayang'ana kumaso, kuti patangopita chaka ukwati uja utachitika iwonso anadwala. Chipatala chinatumiza magazi awo kukayezedwa kwina, ndipo atalandira pepala anaona pamwamba pake dzina la kampani imene mng'ono wawo ankagwirako ntchito. Zimene zinalembedwa pamenepo sanauze munthu. Mkwiyo wa pa ukwati unali utatha kale, chinatsala ndi manyazi. Ndipo mlungu umene anamva kuti mbava zalowa m'makompyuta, chakudya sichinkatsika.

"Ndinkadziwa kuti waona," anatero. "Ukandiyang'ana kutchalitchi, ndinkati ukuwerenga pepala lija pankhope panga."

"Sindinaone, achemwali. Ntchito yanga inali kutseka, kuwerenga ndinkasiyira eni ake."

"Ngakhale dzina langa?"

"Sindinkadziwa n'komwe kuti lilimo."

Nkhope ya wodwalayo inasintha n'kukhala imene anzawo a kuntchito ankaithawa.

"Zaka khumi ndi zitatu, achemwali. Nyumba yanga mukuidziwa, foni muli nayo. Bwanji osangofunsa?"

Kenako Mayi Maloko anaseka mpaka kutsokomola, achemwali awo akulira. Tsiku limenelo achemwaliwo sanabwerere kwawo. Anakhala masiku asanu ndi anayi, kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa madzi pa supuni, uku akulankhula mosalekeza kuti abweze zonse za zaka zija. Tsiku lomaliza m'mawa onse atatu anapemphera kolona, mwana wawo akutsogolera. Atafika pakati, mawu amodzi anayamba kutsalira, kenako anangoti zii. Mayi Maloko anapita mwamtendere ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo anawatseka maso ndi achemwali awo.

Sanamange tchalitchi, sanatsogolerepo gulu lililonse. Anangosunga zimene anapatsidwa kuti asunge, ndipo pali mabanja ambiri amene akukhala mwamtendere lero osadziwa kuti mayi wina anathamanga ndi mawondo opweteka chifukwa cha iwo. Ambuye amene amadziwa zobisika zathu zonse awalandire ndi kuwapumitsa.

Za pa bedi zija atiuza ndi achemwali awo eni, ndipo ndi iwo apempha kuti zilembedwe. Matenda awo sanatiuze, ifenso sitinafunse. Amene mwayamba kale kunong'onezana kuti kodi ndi matenda anji, bwererani pamwamba muwerengenso.