Magalasi a Alamu Anga

Nguluwe zitayamba kufukula chinangwa changa ku Maganga, alamu anga, achimwene a malemu mkazi wanga, anabwera ndi mfuti yawo ya gogodela, yachikale yolowetsera chipolopolo kukamwa kwa paipi. Zipolopolo ndinawakonzera ndine, posungunula mtovu wa pa ukonde wakale. Ndinaona kuti zachepa pang'ono, zikugwedera m'paipi ya mfutiyo, koma ndinachita ulesi kuyambiranso.

M'bandakucha, tili pansanja yolonderapo m'munda, alamu analozetsa mfuti pansi pomwe panali nguluwe. Ndinamva chipolopolo chikugubuduka n'kugwera m'masamba. Mfuti inalira, koma unali utsi wokhawokha.

"Alamu, maso anga atha," anatero motsitsa mawu.

Ine, mkulu wa mpingo wathunthu, ndinangoti, "Ndi ukalamba umenewo."

Mlungu wotsatira anakagula magalasi ku Salima. Atandifunsa, ndinayang'ana pansi n'kuwauza kuti akuwakhala bwino.