Khosi louma la Ruxandra

Ruxandra Olaru ndinakula naye. Tonse tinkaweta atsekwe kuseri kwa tchalitchi, koma iye mutu unkagwira kwambiri. Yunivesite ina ya mumzinda inkatenga ana akumudzi n'kuwakonzekeretsa maphunziro a zaumoyo, kuti akamaliza abwerere kwawo. Iye anamutenga. Ine ndinatsala ndi tebulo langa la mipango ndi zipewa.

Atabwerera anatsegulanso sitolo ya mankhwala imene inakhala yotseka zaka zambiri, moyang'anana ndi tebulo langa. Inali nyengo yotentha. Poti mankhwala safuna kutentha, anatsegula chitseko ndi windo lomwe.

Pamenepo ndi pamene analakwa. Kuno ku Romania mphepo ikalowa pakhomo n'kutulukira pawindo, ndiye kuti imfa yadutsa. Dzino, khutu, msana, zonse timanamizira mphepoyo.

Mayi Saveta, amene amadwala kuthamanga kwa magazi, anaima pakhomo atatseka makutu ndi thonje.

"Iwe mwana wa Olaru, unapita kukaphunzira kuchiza kapena kupha?"

"Azakhali, mphepo sidwalitsa. Lowani ndikuyezeni."

"Ukayeze amako!"

Nkhani inafala. Anthu anasiya kubwera, ena mapiritsi atawathera. Mwini sitoloyo, amene anamulemba ntchito Ruxandra, anachenjeza kuti zikapitirira choncho aitsekanso, ndipo Ruxandra akabwerera mumzinda. Anayesa kutseka windo, koma anthu anali ataweruza kale: mtsikana wosaopa mphepo sangadziwe matenda.

Ine malonda ankayenda, chifukwa aliyense wodutsa pamenepo ankayamba wagula mpango. Komabe sitoloyo ikanatsekedwa, msewu wathu ukanafa.

M'mawa wina Ruxandra anafika atazenga khosi ndi nsalu, akutembenuka thupi lonse ngati kabati. Anagula mpango kwa ine mokweza mawu.

"Khosi lauma, achimwene. Sindikudziwa chachitika n'chiyani."

Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali m'sitolomo, chitseko chotseka, windo lotseka, anthu thukuta kamukamu. Aliyense ankafuna kuona yekha yunivesite itagonja. Mayi Saveta anabwera ndi masamba a kabichi n'kumuika m'khosi ngati mankhwala. Bambo Gligor, wokonza mathirakitala, anabwera ndi kachasu wa mapulamu woti apake.

"Tinkanena ife! Mabuku aja akuchize tione."

"Ndamva, amalume. Koma poti mwakhala kale pansi, bweretsani mkono."

Bambo Gligor anapereka mkono uku akuseka. Ruxandra atawayeza, anapeza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri.

"Mapiritsi munasiya liti?"

"Aaa, pa Pasaka paja."

"Lero muyambiranso. Apo ayi kabichiyu ndimuchotsa."

Anayeza onse mmodzimmodzi, masamba akulendewera m'khosi. Aliyense anatuluka ndi kaphukusi ka mankhwala, ali wokondwa kuti waphunzitsa mwana wa Olaru.

Madzulo, anthu atapita, galu anauwa kuseri kwa sitolo. Ruxandra anacheuka msangamsanga, khosi lili bwinobwino. Tinayang'anana.

"Waona chiyani?"

"Ine? Palibe. Koma odwala khosi amafunika mipango iwiri."

Anagula wachiwiri. Sitolo ilipobe, ndipo mwini wake anaikamo makina oziziritsa. Amenewo Ruxandra amawayatsa pokhapokha mayi Saveta akapita kukaona zidzukulu zawo.