Galimoto imene azakhali anagulira apongozi anga

Apongozi anga aamuna, a Kelepi, anakalambira pachiwongolero. Kuno ku Robinvale, ku Australia, palibe wochokera ku zilumba za Tonga amene sanakwerepo kabasi kawo koyera popita kukathyola mphesa. Ankanyamuka m'mamawa nyimbo yakutchalitchi ili pakamwa, ndipo wosinza m'njira ankamudzutsa ndi mabuleki.

Matenda onjenjemeretsa manja atawagwira, ntchito anasiya koma kabasi sanakasiye. Adokotala anati angathe kumayendetsabe, bola masana komanso osapita kutali. Ine ndinkaona kuti dzanja lawo likagwira chinthu chodzaza m'manja, monga chiwongolero, linkakhazikika. Likangokhala m'malere linkavina lokha, n'chifukwa chake pagulu ankalikhalira.

Mlongo wawo wamkulu, azakhali a Melenaite a ku Melbourne, anamva kuti magiya ayamba kuwavuta. Sanafunse munthu. Anasonkhetsa abale n'kugula galimoto yamagetsi. Anadzaipereka Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, ataifunditsa mikeka yoluka ndi nsalu zakhungwa la mtengo. Abusa anaipempherera, nkhumba zinawotchedwa. Kabasi kaja azakhali anakapereka pomwepo kwa mwana wa asuweni awo.

"Kelepi, iyi ilibe magiya, ilibe utsi," anatero azakhali. "Ngakhale mphaka wanga akhoza kuyendetsa. Usandichititse manyazi."

"Ee achemwali, zikomo kwambiri," anayankha apongozi atawerama.

Kunena zoona, ubwino inali nawo. Siinkagwedeza, mpando unali wosavuta kukwera, ndipo ukachotsa phazi inkachepetsa yokha liwiro. Koma kutsogolo kunali see, kopanda chopotokola ngakhale chimodzi. Mphepo, wailesi, zonse zinali pagalasi longa la foni yaikulu, pofunika kuloza ndi nsonga ya chala. Chingwe chotchajira galimotoyo mwamuna wanga Taniela ndiye ankachilumikiza asanapite kumunda, ndipo awiriwo sankakambirana za icho.

Tsiku lina la Januwale, dzuwa likuswa mtengo, apongozi anatitenga ine ndi mwana wanga Lesieli kupita kusikelo. Ndinakhala kumbuyo monga mwa nthawi zonse. Mphepo yozizira inali yozimitsa. Ndinaona chala chawo chikupita pagalasi paja. Chinaphonya, wailesi n'kulira mokweza. Anayesanso, panatuluka mapu. Ulendo wina anayatsa chotenthetsa mpando wawo womwe. Nditatsitsa zenera munalowa mpweya ngati wa mu uvuni. Lesieli analira mpaka kufiira, ine n'kuyang'ana kumbali, kuopa kuti angadziwe kuti ndikuona.

Maso awo ali pagalasi, mateyala analowa m'miyala ya m'mbali mwa msewu. Lole ya mphesa inatiimbira hutala yaitali. Anaimika pafupi ndi mpanda wa munda wina, malaya atanyowa chonyowa.

"Mwana wanga, tabwera kutsogolo kuno. Yatsa chinthuchi."

Ndinali ndisanakhalepo pambali pawo. Ndinangokhudza kamodzi, mphepo n'kuyamba kuwomba. Ndinalakalaka ndikanaphonyako nanenso.

Anaseka pang'ono. "Ha! Ndanyamula mtundu wonse wa Tonga popanda ngozi, lero ndagonja kwa kalilole."

"Bambo, bwanji tiwauze azakhali? Zamagetsi zina zili ndi mabatani enieni, ndinaiona ya anesi. Mwina angasinthe."

"Iwe, wakwatiwa dzulo kodi? Galimoto yofunditsidwa mikeka, abusa anaikapo manja, anthu anadya nkhumba. Ndiye ine ndikaime pamaso pa mlongo wanga n'kunena kuti munasankha molakwa?"

"Nanga kabasi kaja?"

"Ndikalande mwana chimene azakhali ake anam'patsa? Ukufuna andiimbe nyimbo pakava?" Kumeneko n'kumene azibambo amakhala mozungulira mbale ya chakumwa chawo cha kava, n'kumadya anzawo miseche.

Anatsika. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto ndi timasitepe tawo tating'onoting'ono, n'kutsegula chitseko cha mbali yanga.

"Laisensi uli nayo, eti? Sunthira uko."

Kuyambira tsiku limenelo woyendetsa ndine. Pa Isitala azakhali anabwera n'kutiona tikufika kutchalitchi, apongozi atakhala kumpando wa mlendo. Anaomba m'manja.

"Tamuonani Kelepi! Ndangom'gulira galimoto, wasanduka nduna, mpaka dalaivala! Ukulipidwa zingati, mtsikana iwe?"

Azimayi anaseka, ena n'kumandisisita kumsana kuti ndine mpongozi waulemu. Ndinabisa nkhope m'tsitsi la Lesieli.

"Ndi galimoto yabwino, achemwali," anatero apongozi. "Siigwedeza n'komwe."

Mwezi watha ndinawaperekeza kwa adokotala awo a mitsempha. Atawayeza anati miyendo ndi maso zikadali bwino, ndipo akhoza kuwavomereza kuti aziyendetsabe chaka china. Ndinawayang'ana apongozi. Iwo anapukusa mutu.

"Ayi adokotala, zisiyeni," anatero. "Kunyumba aliko wondiyendetsa."